Kamvuluvulu wa m'Nguli ya Zakeyu

Kuno kwathu ku Nsaru anthu ankanena kuti Zakeyu anagwira kamvuluvulu n'kumutsekera m'nguli yake. Ankati n'chifukwa chake nguliyo inkalira ngati njuchi za m'mphako n'kumazungulira osagwa, ndiponso n'chifukwa chake mwini wakeyo sankatha kukhala pansi. Ine Laston, ndisakunamizeni, nkhaniyi ndinkaikhulupirira masiku ena, masiku ena ayi. Lamulungu ndinkaikana. Koma mkati mwa sabata, dzuwa likafika paliwombo, fumbi n'kuyamba kuvina pamsewu wa ku Kabudula, mnzangayo ndinkamuyang'ana ndi diso limodzi.

Choipa chake n'chakuti amene anaiyamba nkhaniyo ndine ndemwe. Koma tifikako.

Zakeyu anali kamunthu kafupi, miyendo ngati mapesi, maso osakhazikika. Chibadwire sanakhalepo pansi mpaka matako kufunda. Kudya ankadya chilili. Kusukulu tinkakhala pa zipika, ndiye aphunzitsi atatopa naye anamumangirira pa chipika chake ndi luzi. Atangotembenuka kuti alembe pabolodi, anapeza mwana wasukulu ndi chipika chomwe ali pakhomo, akuonera mbuzi zikumenyana. Ine sukuluyo ndinaisiya titangofika pa masamu ogawa, choncho kalembedwe kangaka mukakhululukire. Koma Zakeyu sanaisiye ayi. Anangopempha tsiku lina kuti akataye madzi, ndipo sanabwererenso.

Zaka zija dzombe lisanabwere tinkayenda anayi: ine, Zakeyu, Goliati, chimunthu chachikulu chokonda tulo, ndi Sumaili, mwana wa a Issa amene anali ndi kasitolo ka mchere ndi nsalu pamsewu. Tonse ndevu zinali zitayamba kumera, koma akazi tinalibe. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, udzu wofolera titamweta, mvula ikadali kutali, tinkatsala ndi zinthu ziwiri zokha: dzuwa ndi Zakeyu. Mwa ziwirizi chotopetsa kwambiri anali Zakeyu.

Kunja kukangoyera, chitseko cha mphala gogogo.

"Dzukani, akufa inu! Lero ulimbo."

Ulimbo, inu mukudziwa, umafuna munthu wofatsa. Umapaka timitengo, n'kutitchera pamene mbalame zimamwera madzi, iwe n'kubisala, zii. Ife tinkabisaladi. Goliati ankafika pochita mkonono. Koma Zakeyu akawerenga mpaka khumi, basi wadzuka.

"Mbalamezi zachedwa. Ndikaziitane."

"Khala pansi iwe!" ankatero Sumaili, mano atalumana.

"Mwina sizikudziwa kuti tabwera."

Ankapitadi kukazikusa ngati mbuzi, ndipo mbalame zonse za m'dambo zinkasamukira ku Nambuma. Chilimwe china chathunthu ulimbo wathu unagwira chinthu chimodzi chokha, tsitsi la Goliati, amene anagonera kamtengo. Tinachita kumumeta ndi mpeni, mbali imodzi yokha, chifukwa tisanamalize Zakeyu anali atanena kale kuti tiyeni ku mbewa.

Ku mbewa nakonso chimodzimodzi. Una tikaukumba kufika m'chigongono, iye uyo: "Uwu ngwakale, eni ake anasamuka. Onani uwo!" Tinkasiya maenje dambo lonse, ng'ombe za eni n'kumapunthwamo, ife kubwerera ndi mbewa zitatu, anthu anayi.

"Mukuona ubwino woyenda ndi Msilamu?" ankatero Zakeyu pogawa. "Sumaili akanakhala wodya mbewa, bwenzi pano tikumenyana."

Kudziwe ankalowa m'madzi mbali ino n'kutulukira tsidya, osayang'ana m'mbuyo, ife n'kumamutsatira ndi nsalu yake m'manja. Bawo ndiye musanene. Katswiri wa bawo anali Sumaili, ndipo ankasewerera pansi pa mkuyu wa kusitolo. Zakeyu ankasewera akuyenda. Akaponya timiyala take ankanyamuka, kuzungulira sitolo, kufunsa wodutsa kumene akuchokera, kukwera mkuyu, kenako n'kumakuwa ali m'mwamba: "Ndakuona, Sumaili! Bweza kamwalako!"

Koma zonsezi zinali zongopititsa dzuwa. Masewera ake enieni anali nguli. Kwa inu amene munakulira m'tauni, nguli ndi kamtengo kosema, kosongoka kunsi, kamene umakakwapula ndi mkwapulo wa luzi kuti kazizungulira. Enafe nguli tinasiya pamene tinasiya kuweta mbuzi. Zakeyu sanasiye, ndiye nafenso tinayambiranso, anyamata a ndevu zathu, pabwalo poyera, amayi akutiseka popita kuchitsime.

Tsiku lina mu Okutobala, kukutentha kofuna kuphulitsa mutu, kamvuluvulu wamkulu anatulukira kuseri kwa sitolo atanyamula makoko a chimanga, nthenga ndi chipewa cha munthu. Aliyense anathawira pakhonde, poti akulu ankati mmenemo mumayenda zinthu. Zakeyu anatola dengu la a Issa n'kumuthamangira. Tinamuona akulowa m'fumbi, dengu lili m'mwamba, mpaka onse awiri anazimirira kuminda. Anabwerako dzuwa litapendeka, ali mbuu, dengu atalivundikira kumutu.

"Unkafuna chiyani kodi?" ndinamufunsa.

"Chipewa chija."

"Nanga chili kuti?"

"Chapita ku Msundwe."

Patangopita masiku ochepa anatulutsa nguli yatsopano, ya muwanga, yakuda, yosalala ngati dzira. Ataikwapula kawiri inaima njo, n'kuyamba kulira, vuuuu. Agalu anadzuka. A Issa anatuluka m'sitolo n'kunena kuti kulira kotero anakumvapo ku Limbe, kwa sitima. Ife sitima tinali tisanaionepo, koma dzina linakhala lomwelo: Sitima.

Ndiye ine, pakamwa pangapa posachedwa kuyabwa, ndinauza amayi ena pachitsime kuti, "Simukudziwa? M'dengu muja anabwera naye kamvuluvulu. Wamutsekera m'ngulimo." Ndinkangocheza. Koma nkhaniyo inapita ku Kabudula, inakafika ku Mpingu, ndipo pobwerera kwa ine patatha mwezi inali itanenepa. Inali ndi mboni. Munthu wina wa ku Chitukula anandilumbirira kuti anaona ndi maso ake Zakeyu akuboola nguli n'kumatapo phula. Ndinayamba kuganiza kuti kapena ndinanena zoona mosadziwa. Ndinakamufunsa mwini wake.

"Iwe Zakeyu, tili awiri pano. Muli chiyani mmenemo?"

"Ika khutu umve wekha."

"Ine khutu langa ndikulifuna."

Iye anangoseka. Mphekeserayo inkamukomera, chifukwa anyamata a midzi ina ankafika atagonja kale. Ankabwera Loweruka ndi nguli zawo. Lamulo linali losavuta: onse kukwapula kakhumi n'kusiya, yotsala chiimire ndiyo yapambana, ogonja asiye mtedza umene abwera nawo. Goliati ananenepa chaka chimenecho osakwapula ngakhale kamodzi.

Tsopano panali namwali wina wa tsidya lina la dambo, dzina lake Tisiyenji, wamtali kuposa Zakeyu ndi mutu wathunthu, wosaseka wamba. Loweruka lina ankadutsa pabwalo atasenza mtsuko. Zakeyu anaikwapula Sitima n'kuiyendetsa mozungulira mapazi a namwaliyo katatu, osamukhudza. Namwali sanasunthe. Madzi sanatayike ngakhale dontho.

"Kodi inu simutopa?" anafunsa.

"Ndikadzatopa ndidzakuuzani."

"Mudzandiuzira kuti?"

"Kwanu."

"Kwathu alendo amakhala pansi."

Zakeyu anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Ine ndinawerenga mpaka makumi atatu iye adakali pansi. Tonse tinadziwa kuti mnzathu wadwala.

Vuto linali atsibweni ake a Tisiyenji, a Yakobo, mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Mawu a ukwati wa mwana wa mlongo wawo anali m'manja mwawo. Ankhoswe a Zakeyu atapitako anabwera ndi yankho lalifupi: mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu woweta mphepo. Ngati m'ngulimo mulibe kanthu, abwere nayo Lachitatu pabwalo la tchalitchi, aiwaze ndi nkhwangwa anthu akuona. Akakana, ukwati palibe, ndipo m'kalasi ya ubatizo achokemo.

Tsiku limenelo njira ya pakati pa mphala ndi dambo inakumbika. Zakeyu kupita, Zakeyu kubwera, nguli ili m'manja. Ife tinkalankhula naye akamadutsa.

"Ingoiwaza," anatero Goliati. "Mtengo ndi mtengo. Usema ina."

"Iwe ungawaze mwendo wako poti uli ndi wina?"

Anapita, anabwera.

"Ndiye usiye mkaziyo," anatero Sumaili.

"Iwe ungasiye kupuma?"

Anapitanso. Sumaili anatembenukira kwa ine. "Laston, moto umenewu unayaka pakamwa pako. Uzimitse."

Nzeru imene ndinabwera nayo inali yoyenera munthu wothawa masamu ogawa. Ndinati tiseme inzake. A Yakobo Sitima sanaionepo pafupi, poti iwo pabwalo la masewera ankadutsa atayang'ana kumbali. Muwanga ndi wouma ngati mwala, masiku anali atatsala atatu okha, choncho tinasema ya nthambi ya mkuyu. Tinaipaka mwaye ndi mafuta a nsatsi, Goliati n'kuigonera masiku awiri kuti ioneke yogwira ntchito.

Lachitatu lija kunabwera anthu oposa a pa Khirisimasi. Amayi ena anamanga mipango kawiri, kuopa mphepo. A Yakobo anaima pakati, buku lili m'khwapa, nkhwangwa ili pansi.

"Mnyamata, ndi imeneyi?"

"Ndi yomweyi, bambo."

"Ikwapule kaye. Ndamva kuti imalira. Timve."

Zimenezo sitinaziganize. Zakeyu anandiyang'ana ine, anayang'ana Tisiyenji amene anaima kumbali ndi amayi ake, n'kukwapula. Kanthu kaja kanadzandira ngati bakha woledzera. Goliati anayesa kukathandiza ndi mphuno kumbuyo kwa anthu, mmmmm, koma kanangozungulira kanayi n'kugwa chagada pamapazi a a Yakobo.

Anyamata a ku Kabudula anaseka mpaka kugwirana. "Sitima yagwa! Sitima yagwa!" Mmodzi anachita kuvina. Zakeyu akanangonena mawu atatu okha, kuti iyi si Sitima, ulemu wake wonse ukanabwerera pomwepo. Koma anatola nkhwangwa, khaa! Zibenthu ziwiri, zoyera mbee.

A Yakobo anazitola, anazinunkhiza.

"Mwaona, eti? Chinali mmenemu chathawa chitangoponda bwalo la tchalitchi. N'chifukwa chake yagwa."

Choncho aliyense anapita kwawo atakhuta. Okhulupirira anati chinalimo koma chathawa, osakhulupirira anati munalibe n'kale. Amene tinkadziwa kuti Sitima yeniyeni ili m'denga la nkhokwe ya a Issa, yathunthu, ndi zonse zimene zinali mkati mwake, tinali anayi.

Ukwati unachitika mvula isanagwe, ndipo Zakeyu anapita chikamwini tsidya lina. Anali mkamwini wodabwitsa. Ankalima theka la munda wa apongozi, n'kulumphira wa anansi, n'kukamalizira wa munthu wosamudziwa. Anabereka ana asanu. Chilimwe chilichonse bwalo linkadzaza ana a midzi itatu, iye ali pakati kuwasemera nguli, kuwapotera luzi, kuwatsogolera ku ulimbo umene sunkagwira kanthu. Koma iye mwini pagulu sanakwapulenso. Anyamata a ku Kabudula, atasanduka madoda, akakumana naye ankafunsabe kuti, "Bwanji Sitima, idadzuka?" Iye ankangoti, "Ili gone," n'kufulumira.

Kungoti mu Okutobala muja, kukatentha kwambiri, ankatulukira pakhomo panga.

"Laston, tiye tikaone misampha."

Misampha tinalibe. Tinkapita pathanthwe lina kuseri kwa dambo, iye n'kutulutsa Sitima m'kathumba. Kukwapula kawiri, vuuuu, madoda awiri a ana kunyumba tili pakati pa tchire. Ine ndinkaima cha patali pang'ono.

"Bwanji ukuima kutaliko?"

"Ndikupewa fumbi."

"Wabodza iwe. Ukuopa nkhani yako yomwe."

Anamwalira chaka chija asilikali ankabwerako kunkhondo. Chinali chibayo, masiku anayi okha. Nditapita kukamuona ndinamupeza ali gone pamphasa, manja ali m'mbali, ndipo kugonako kunandiopsa kuposa chifuwa chake. Anandikodola kuti ndiwerame.

"Sitima ili kuseri kwa mtsuko. Udzandiikire m'mphasa. A Yakobo asaone."

Kuyambira pamenepo chilimwe kuno chinatalika. Bwalo lija linamera udzu mpaka pakati. Ana ankayesa kusema okha, koma nguli zawo zinkangodzandira, ndipo posakhalitsa anazisiya. Mbalame zinabwerera m'dambo, zinkamwa madzi mwaufulu, popanda wozikusa. Ine ndi Sumaili tinkasewera bawo mpaka kumaliza, mwakachetechete, wina osakuwa m'mwamba mwa mkuyu, ndipo tinapeza kuti bawo womaliza sakoma. Goliati ankadandaula kuti tulo tinamuthawa, poti palibenso womudzutsa. Mpaka lero, kunja kukamayera, ndimadzidzimuka ndekha n'kutchera khutu kuchitseko.

Koma za tsiku la maliro sindinakuuzeni. Ndinachita monga anandituma. Pokulunga thupi ndinalowetsa Sitima m'mphasa, cha kumapazi, palibe anaona. Anthu ampingo anayamba nyimbo pabwalo. Tsoka ilo, ponyamula, Goliati anagwira kumutu, ndipo kumapazi kunagwira anthu afupiafupi. Maliro anapendekeka. Sitima inapulumuka, inagwa pansi, inagubuduka bwalo lonse ngati ikudziwa kumene ikupita, n'kukaima pa ndodo ya a Yakobo.

Nyimbo inadukira pakati.

A Yakobo anali atakalamba, msana utapindika, koma maso ankaona. "Ichi n'chiyani?"

"Ndi Sitima!" anakuwa munthu wina wa ku Kabudula. "Yalumikizika yokha!"

Anthu anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. A Yakobo anatseka buku. "Ngati munthuyu anasunga chinthu chimenechi zaka makumi awiri, mpingo sungamuimbire. Tsitsani malirowo."

Amene analankhula anali Tisiyenji. Anatuluka pakati pa amayi, maso atatupa, mpango uli m'chiuno.

"Atsibweni, ija munawazitsa ija inali ya mkuyu. Ndinaidziwa isanagwe n'komwe. Iyi ndakhala ndikuisuntha posesa zaka zonsezi."

"Ndiye osanena?"

"Munthu anagwetsa nguli pamaso pa anyamata a ku Kabudula chifukwa cha ine. Ndikananena chiyani?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Alamu, nkhaniyi munaiyamba ndinu pachitsime, amayi anga analipo. Tengani nkhwangwa. Mwamuna wanga sapita kumanda opanda nyimbo."

"Mlamu, anati ndimuikire yathunthu."

"Mumuikira zibenthu. Akakwiya adzafunse ine."

Sumaili ndiye anabweretsa nkhwangwa. Pondipatsa anandinong'oneza kuti, "Menya, ine kofia yanga ndaigwira." Amayi anagwira mipango. A Yakobo anatsegulanso buku, koma ndinawaona akubwerera m'mbuyo mapazi awiri. Ine ndinaika Sitima pa chitsa, ndinatsinzina diso limodzi n'kumenya. Nkhwangwa inadumpha. Ndinamenyanso, inadumphanso. Kachitatu inang'ambika.

Tsamba ngakhale limodzi silinagwedezeke. A Yakobo anatola zibenthu, anazitembenuza, anakanda ndi chikhadabo, kenako anayambitsa nyimbo okha ndi mawu awo onjenjemerawo, anthu n'kuvomera. Ine ndinaziyang'ananso bwinobwino ndisanaziike m'mphasa. Munalibe bowo, munalibe phula, munalibe kamvuluvulu. Unali muwanga wokhawokha mpaka mkati.